Mapepala atatu a amalume: mbiri ya nyumba za mu Chipata

Amalume anga anaphunzitsa zaka zoposa 30 m'masukulu a kuno ku Kasenengwa, ndipo nthawi yonseyo anali kugona m'nyumba za sukulu. Ndalama zawo za penshoni zitatuluka, ananditumira uthenga kuti ndiwaperekeze ku Chipata kukaona nyumba. Chifukwa chake chinali chomveka. Akazi awo ali ndi matenda a shuga, ndipo ulendo wa mwezi ndi mwezi wopita kuchipatala chachikulu unali utawatopetsa, makamaka m'dzinja mseu ukaterera. Anati kwa ine, "Mphwanga, iwe umayendayenda m'tauni ndi za wailesi zakozo. Ukandionetse pamene ndingaike mutu."

Tinaona nyumba zitatu pa masiku awiri. Yoyamba inali ku Kapata, nyumba yakale ya khonsolo imene anaiwonjezera zipinda ziwiri kumbuyo. Wogulitsa anatulutsa taito yeniyeni ya chidindo cha boma. Yachiwiri inali m'komboni ina m'tsinde mwa phiri, yaikulu ndithu, ya zipinda zisanu ndi chimodzi, mtengo wake wotsika. Pepala lake linali la khonsolo. Yachitatu inali kunja kwa tauni, m'mbali mwa mseu wobwera kuno kwathu, yatsopano, ya malata a mtundu wofiira ndi mpanda wa mabuloko. Pepala lake linali kalata yolemba pamanja yochokera kwa amfumu a mudzi.

Tili m'minibasi pobwerera, amalume anandifunsa kuti, "Tauni ndi imodzi, boma ndi limodzi, nanga mapepala akhala bwanji atatu?" Ndinangoseka, koma funsolo linandikhala pamtima. Yankho lake lili m'mbiri ya tauni yathu, ndipo aliyense amene akusunga ndalama kuti agule nyumba mu Chipata ayenera kuimva mbiri imeneyi, chifukwa pogula nyumbayo amagulanso zonse zimene zinachitika pa nthaka imene yaimapo.

Tauni imene sanamangire ife

Dziko limene pali Chipata lero munali Achewa, kenaka Angoni a Mpezeni anadzakhazikika cha m'ma 1860 ndi 1870. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, amene anali kugula minyanga ya njovu, ananena kuti Mpezeni anamupatsa chilolezo pa dziko lalikulu. Pepala lakelo linathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration Company, imene eni ake anali kukhulupirira kuti kuno kuli golide wambiri. Tinganene kuti mkangano woyamba wa mapepala a malo kuno kwathu unali umenewu, ndipo unatha ndi magazi. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku dziko limene lero ndi Malawi anathira nkhondo Angoni ndi mfuti za makina. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera mabutho, anaomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Ng'ombe masauzande ambiri zinalandidwa.

Mu 1899 a British South Africa Company anamanga boma lawo pafupi ndi mudzi wa Kapatamoyo, nalitcha Fort Jameson potengera dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Pansi pa Robert Codrington, malowa anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo anakhalabe likulu mpaka 1911, pamene anaphatikiza zigawo ziwiri kupanga Northern Rhodesia, likulu nkupita ku Livingstone.

Kuyambira pachiyambi tauniyo inagawidwa patatu. Azungu anadzipatsa maploti aakulu okhala ndi mitengo ya mthunzi, miseu yoyezedwa bwino, kalabu ndi bwalo la gofu. Amwenye ochokera ku Gujarat, amene anayamba kufika mu 1905, anapatsidwa mbali yawo ya malonda, ndipo mpaka lero tikanena kuti tikupita ku Down Shops timatsata mzere umene unalembedwa nthawi imeneyo. Munthu wakuda malo ake anali kanyumba kakuseri kwa yadi ya bwana, kapena mizere ya nyumba za apolisi ndi amesenjala a boma. Dera limene timalitcha Messengers likusungabe chikumbutso chimenechi m'dzina lake.

Kunja kwa tauni nakonso kunalembedwa mizere. Boma la Britain litatenga ulamuliro kwa kampani mu 1924, lamulo la 1928 linagawa dziko kukhala malo a Mfumu ya ku England ndi malizevu a anthu akuda. Midzi yambiri inasamutsidwa kuti nthaka yabwino itsalire mafamu a fodya. Mtengo wa fodya utagwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Azungu ambiri anachoka, mafamu nkukhala thengo, pamene m'malizevu anthu anali atathithikana ndipo nthaka inali kuguga. Mu 1941 boma linagula malo a North Charterland nkuyamba kubwezerako anthu ena, ndipo mu 1947 panabwera gulu lachitatu la malo lotchedwa Native Trust Land. Izi zingaoneke ngati nkhani zakale za m'buku la sukulu, koma malire a pakati pa malo a boma ndi malo a mafumu, amene wogula nyumba amapunthwa nawo lero, anachokera pa mizere imeneyi.

Nthawi ya chitupa

Agogo athu akamanena za "ku Boma" sanali kunena za kwawo. Kumeneko kunali kokalipira msonkho, kokaweruzidwa ndi kokagwira ntchito. Mwamuna wakuda anali kuyenda ndi chitupa, ndipo lamulo linali kumuona ngati mlendo amene wabwera kudzagwira ntchito kwa kanthawi. Nyumba inali ya ntchito. Ntchito ikatha Lachisanu, Lolemba lake unayenera kukhala utatulutsa mphasa zako. Ukakalamba unali kubwerera kumudzi. Ndiye chifukwa chake munthu wanzeru wa nthawi imeneyo sanali kulota za nyumba ya m'tauni. Ndalama zake zinali kupita ku ng'ombe, pulawo ndi njinga.

Lamulo la nyumba za anthu akuda la 1948, Urban African Housing Ordinance, linasintha zinthu pang'ono. Linakakamiza olemba ntchito ndi oyang'anira matauni kupereka nyumba kwa antchito pamodzi ndi akazi awo. Apa boma la atsamunda linali kuvomereza, ngakhale monyinyirika, kuti mabanja a anthu akuda adzakhala m'tauni. Nyumba zake zinali zazing'ono, chipinda chimodzi kapena ziwiri, zomangidwa m'mizere, zambiri zogawana pompi ndi chimbudzi. Zinali za lendi, osati zogula. Mukayenda m'mbali zakale za Kapata mudzaona kuti pakati pa nyumba zambiri zimene zakula pali kanyumba kakale ka mtundu umodzi, kamene zipinda zatsopano zakazungulira ngati ana ozungulira agogo awo.

Ufulu unabwera, nyumba sizinakwane

Pa 24 Okutobala 1964 tinalandira ufulu. Chitupa chinatha mphamvu, munthu akanatha kupita kulikonse, ndipo patapita nthawi dzina la Fort Jameson linachotsedwa, tauni nkukhala Chipata. Akuluakulu a boma akuda analowa m'nyumba zimene Azungu anasiya, ndipo ndi kumene timati kumayadi. Koma mwambo wakale sunasinthe: nyumba inali ya ntchito, ya boma, ya khonsolo kapena ya kampani. Amene analibe ntchito yolembedwa, monga akalipentala, ogulitsa pamsika, ophika mowa ndi osoka zovala, analibe mzere woimapo. Iwowa anapita m'mphepete mwa tauni ndi m'tsinde mwa mapiri, naumba njerwa, nadzimangira okha.

Maina a madera athu amafotokoza bwino mtima wa anthu amenewa. Wina anatcha malo ake Nabvutika, wina Chawama, wina Nadalitsika. Palinso dera limene dzina lake limatikumbutsa referendamu ya pa 17 Juni 1969, imene inapatsa boma la a Kaunda mpata wosintha malamulo kuti lithe kulanda malo amene eni ake anawasiya nkupita kunja. Lamulo lolanda malo otere linatsatira mu 1970.

Poyamba boma linali kuona makomboni ngati chinthu choyenera kugwetsedwa. Litaona kuti anthu sakutha, linayesa njira ina. Linayamba kudula maploti, kuika mseu ndi pompi, munthu nkumanga yekha. Njira imeneyi ndi imene amati site and service, ndipo ku Kalongola dzinali likumvekabe. Mu 1971 panakhazikitsidwa National Housing Authority. Kenaka mu 1974 panabwera lamulo lofunika kwambiri kwa anthu a m'komboni, lolola khonsolo kuvomereza komboni kukhala malo oyenera kukonzedwa m'malo mogwetsedwa. Wokhalamo anali kupatsidwa pepala lotchedwa occupancy licence, la zaka 30. Pepala limeneli limakupatsani ufulu wokhala m'nyumbayo ndi kugwiritsa ntchito pabwalo pake, koma nthaka imakhalabe m'manja mwa khonsolo, ndipo malire anu sakhala oyezedwa ndi saveya. Lamulo la 1974 linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015, koma pepala la mtundu umenewu lilipobe. Ili ndilo linali pepala lachiwiri limene amalume anaonetsedwa.

Zaka zitatu zimene zinasintha zonse

Chaka choyamba ndi 1975. Pa 30 Juni chaka chimenecho a Kenneth Kaunda analankhula ku Mulungushi mawu amene anasintha nkhani ya malo m'dziko lonse. Umwini wamuyaya wa nthaka unathetsedwa, ndipo onse amene anali nawo anasandutsidwa obwereka kwa zaka 100. Nthaka yopanda kanthu inalengezedwa kuti ilibe mtengo. Munthu akanatha kugulitsa zimene wamangapo, osati dothi lenilenilo. Cholinga chinali kuletsa olemera kusunga malo podikira kuti mtengo ukwere. Zotsatira zake zinali zakuti ploti inakhala chinthu chofunsira ku ofesi ndi kudikira, ndipo kuyambira 1985 makhonsolo ndiwo anapatsidwa udindo wosankha maina ndi kuwatumiza kwa Commissioner of Lands.

Chaka chachiwiri ndi 1995. Boma la a Frederick Chiluba linabweretsa lamulo latsopano la malo, limene tikuyendera mpaka lero. Nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Taito imene timainyadira ndi chilolezo cha zaka zosapitirira 99, ndipo mwini wake amalipira msonkho wa nthaka chaka ndi chaka. Nthaka inakhalanso ndi mtengo. Malizevu ndi malo a Trust anaphatikizidwa kukhala malo a mafumu, ndipo lamulo linatsegula khomo lakuti munthu atha kusandutsa malo a mafumu kukhala a taito ngati mfumu ya dera ndi khonsolo avomereza.

Chaka chachitatu ndi 1996. M'chaka cha masankho chimenecho a Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, ndipo nyumba zambiri za boma ndi za makampani a boma zinatsatira. Zina zakale zinapita pa mtengo wotsika kwambiri. Kwa nthawi yoyamba kalaliki wamba, dalaivala wa khonsolo ndi mai wamasiye anakhala eni nyumba m'tauni. Ichi chinali chinthu chachikulu, ndipo mabanja ambiri aphunzitsa ana ndi ndalama za lendi zochokera pa nyumba zimenezo.

Koma mwayi umenewu unagwera amene anapezeka ali m'nyumba tsiku limenelo. Nyumba za pasukulu, pachipatala ndi m'makampu a apolisi sizinagulitsidwe, chifukwa zinali za malo a ntchitowo. Mnzawo wa amalume amene anaphunzira naye ku koleji, amene anatumizidwa m'tauni nkupeza nyumba ya khonsolo, anakhala mwini nyumba asanakwanitse zaka 35. Amalume, amene anatumizidwa kumudzi, anatuluka m'nyumba ya sukulu ali ndi imvi, atanyamula mipando ndi mabuku basi. Palibe amene analakwa pakati pa awiriwa. Kalata yotumiza munthu kuntchito ndiyo inagamula.

Makhonsolo nawonso anataya ndalama za lendi zimene zinali kuwathandiza kukonza miseu, ngalande ndi kuchotsa zinyalala. Ntchito ya madzi inapita ku makampani apadera potsatira lamulo la 1997, ndipo kuno kwathu ndi Eastern Water and Sanitation Company imene imatunga m'madamu a Lutembwe. Walira mvula walira matope: tinalandira nyumba, koma tinalandiranso udindo wonse wozisamalira.

Kukhala m'madera atatu

Kumayadi, monga ku Kalongwezi, ku Moth ndi ku Hillview, miseu inayamba, nyumba nkubwera pambuyo. Ploti ndi yaikulu, mungalime ndiwo kumbuyo ndi kuimika galimoto kutsogolo. Madzi ali m'nyumba, usiku kuli zii. Koma bata limenelo lili ndi mtengo wake. Pali mareti a khonsolo, msonkho wa nthaka, mlonda kapena agalu, ndi ndalama ya njinga yamoto nthawi iliyonse mukafuna tomato. Mpanda wautali umabisa katundu wanu kwa akuba, komanso umakubisani kwa anansi. Munthu wozolowera moyo wa kumudzi, kumene mwana wa mnzako amangolowa kudzapala moto, atha kudwala ndi kusungulumwa.

Ku Kapata ndi madera ena akale a khonsolo zonse zili pafupi: msika, siteshoni ya mabasi, chipatala, sukulu, tchalitchi. Simufunika galimoto. Koma ploti imene inadulidwira banja limodzi lero ili ndi mabanja atatu kapena anayi, chifukwa pafupifupi aliyense anamanga tizipinda ta lendi kumbuyo. Mapaipi amene anaikidwira anthu ochepa akunyamula katundu wa anthu ambiri. Phokoso la mabala ndi la mapemphero a usiku limalowa m'chipinda chogona popanda kugogoda.

M'komboni nyumba zinayamba, njira nkudzipezera pokhota pakati pake. Ndiye chifukwa chake pali nyumba zimene galimoto yonyamula wodwala kapena bokosi la maliro siifika pakhomo. Madzi ambiri amatunga pa kiyosiki kapena pachitsime, ndipo pamene chitsime chayandikana ndi chimbudzi chokumba, matenda a m'mimba sakhala kutali. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo pamene mitengo ya m'mapiri yatha ndi nkhuni ndi malasha, madzi a mvula amatsika ndi liwiro, atanyamula miyala ndi mchenga, nkudutsa pamene apeza. Nyumba yachiwiri ija tinaiona mu Januwale. Mwini wake anali atapaka penti yatsopano kutsogolo, koma titazungulira kumbuyo tinaona mzere wa matope pakhoma, wofika m'mawondo. Amalume anauloza ndi ambulera yawo osanena kanthu. Amene akufuna nyumba m'tsinde mwa phiri akaione mvula ikugwa, osati mu Ogasiti.

Komabe ndisanamizire komboni. Kumeneko maliro sulira wekha. Mwana akasowa, komboni yonse imatuluka kukamufuna. Kantemba ka pakhomo kamadyetsa banja, ndipo chipinda cha lendi sichikhala mwezi chopanda munthu. Anthu ambiri amene lero ali ndi nyumba kumayadi anayambira pa chipinda chimodzi cha njerwa zosaotcha ku Mchini kapena ku Magazine.

Chilala cha 2024 chinatiphunzitsanso china. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mbaula inayaka kumayadi ndi m'komboni mofanana. Popanda magetsi makina opopa madzi nawonso amaima. Kuyambira nthawi imeneyo wogula wanzeru safunsa za zipinda zokha. Amafunsa anansi kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo nyumba ya thanki ndi sola yakwera mtengo.

Tauni yafika m'minda yathu

Njanji ya Chipata ndi Mchinji inatsegulidwa mu 2010. Mseu wa Great East unakonzedwa mpaka ku Mwami. Pa 24 Febuluwale 2017 a Edgar Lungu analengeza Chipata kukhala mzinda, ndipo mu 2018 Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa kukhala maboma paokha. Ngakhale atachotsako mbali ziwirizi, kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chipata. Malo a boma amene Azungu anadula anali a tauni yaing'ono. Mzinda wa lero sungakwanemo, ndiye ukusefukira m'malo a mafumu, motsata miseu ya ku Lusaka, ku Lundazi, ku Mfuwe, ku Chadiza ndi ku Mwami.

Apa ndi pamene pepala lachitatu limabadwira. Banja lili ndi munda pafupi ndi mseu. Mwana akufuna ndalama za koleji, kapena wina wadwala. Munda uja amaudula timaploti, amfumu a mudzi alemba kalata, ndalama zisinthana manja. Kalata imeneyi si yachabe, pakuti lamulo la 1995 limazindikira ufulu wa munthu pa malo a mafumu. Koma amfumu a mudzi alibe mphamvu yosandutsa malowo kukhala a taito. Pamafunika chilolezo cha mfumu ya dera lonselo, kuvomereza kwa khonsolo, kuyeza kwa saveya, ndi siginecha ya Commissioner of Lands. Popanda izi banki silingakupatseni nkhongole pa nyumbayo. Ndipo popeza palibe buku limodzi limene kalata zonsezi zimalembedwamo, ploti imodzi itha kugulitsidwa kwa anthu awiri, aliyense ali ndi kalata yake ya chidindo.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti m'madera atsopanowa tikubwereza zimene zinachitika m'makomboni zaka 50 zapitazo, kungoti tsopano ndi mabuloko a simenti ndi malata okongola. Wodula munda safuna kutaya dothi posiya mseu waukulu. Sasiya malo a sukulu, a chipatala, a msika kapena a manda. Nyumba ndi zabwino, koma zaka khumi zikubwerazi eni ake adzakhala akukangana za podutsa galimoto.

Ndipo ife a ku Kasenengwa tiyenera kuiona nkhaniyi kuchokera mbali inayo, chifukwa minda ikudulidwayo ndi ya abale athu. Malo akangosandutsidwa kukhala a taito amachoka m'manja mwa mudzi, ndipo sabwerera. Ndalama ya ploti imatha chaka chisanathe. Mwana wa wogulitsa akadzakula adzapeza kuti pamene agogo ake anali kulima nsawawa pali mpanda ndi geti, ndipo iye adzakhala wa lendi pa nthaka ya makolo ake. Mu 1928 anthu anachotsedwa pa nthaka yabwino ndi lamulo la Azungu. Lero palibe mesenjala amene akutithamangitsa. Umphawi ndi umene ukugwira cholembera.

Zimene taito yokha sinena

Mwina mukuganiza kuti nyumba ya ku Kapata, ya taito, inalibe vuto. Inali nalo. Amalume atavala magalasi nkuwerenga bwino, anapeza kuti dzina la pa taito silinali la mnyamata amene anali kugulitsa. Linali la atate ake, amene anagula nyumbayo kwa khonsolo m'zaka zija za a Chiluba, ndipo anamwalira osasiya wilo. Amai ake anali moyo, kumudzi. Abale ake ena anali ku Lusaka ndi ku Migodi, ndipo titafunsitsa zinaoneka kuti sanali kudziwa kuti nyumba ili pamsika.

Nkhani yotere ndi yofala tsopano, chifukwa ambiri amene anagula nyumba mu 1996 atisiya. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira wopanda wilo limagawa chuma motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Nyumba yokhalamo imakhala ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Ngakhale amene wasankhidwa kuyang'anira chuma cha malemu sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti. Amene agula kwa mwana mmodzi mwamseri amagula mlandu.

Ngakhale pamene mwini wake ali moyo, pali njira yoyenera kutsata. Mumapita ku ofesi ya za malo kukafufuza ngati dzina ndi nambala ya ploti zikugwirizana, ndiponso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Wogulitsa amapempha chilolezo cha boma chosinthira umwini, nalipira msonkho wosinthira katundu ku ZRA. Mumaona ngati palibe nkhongole za mareti, za msonkho wa nthaka ndi za madzi. Mumafuna kuona mabikoni ndi maso anu, chifukwa mpanda suima nthawi zonse pamene pali malire. Zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama, ndipo wogulitsa amene akukufulumizitsani kuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa" ndi amene muyenera kumuchedwetsa kwambiri. Safunsa anadya phula.

Amalume sanathamange. Anauza mnyamata uja kuti, "Mwana wanga, nyumbayi ndaikonda, koma ndikufuna kumva mawu a amai ako ndi a abale ako onse." Mnyamatayo anakwiya, natizimira foni milungu itatu. Kenaka mlongo wake wamkulu anaimba kuchokera ku Lusaka. Banja linakhala pansi, linakangana, linagwirizana, nkhani nkupita kukhoti monga mwa lamulo. Zinatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mtengo unakwerako pang'ono chifukwa tsopano ogawana anali ambiri. Amalume analipira osadandaula.

Lero akukhala ku Kapata. Akazi awo amayenda pansi kupita kukatenga mankhwala. Iwo amadandaula za phokoso la bala ya kuseri, ndiponso kuti m'tauni ngakhale chibwabwa nchogula. Munda wawo wa kuno sanagulitse, ngakhale anthu awiri abwera kale kudzafunsa mbali ya kumseu. Loweruka lililonse amakwera minibasi kudzaona chimanga ndi nsawawa zawo, Lamulungu madzulo nkubwerera ndi kathumba ka ufa.

Tsiku limene taito inatuluka m'dzina lawo anandiitana kuti ndidzaione. Anatsegula sutukesi yachitsulo imene amasungamo masetifiketi awo, ndipo pansi pake panali kapepala kachikasu, kothothoka m'mphepete, kokhala ndi chidindo cha chala. Chinali chitupa cha agogo anga, amene anaphikira Mzungu wina ku Fort Jameson zaka zambiri, nagona m'kanyumba kakuseri kwa yadi, nabwerera kumudzi ntchito itatha. Amalume anaika taito pamwamba pa chitupacho, natseka sutukesi, nandituma kuti ndikagule malasha pamsika chifukwa magetsi anali atapita.